Ufa umene umakumbukira kutentha: mmene ayironi amayatsira ndi kuzimitsa maginito ake

Pali ufa wina umene akatswiri a kemisitiri amapanga m'malabotale, wa mtundu wa pepo ngati maluwa a jakaranda. Amaupanga posakaniza mchere wa ayironi ndi mankhwala otchedwa triazole. Ukakhala m'botolo pa shelefu ulibe chochititsa chidwi, ndipo maginito alibe nawo ntchito. Koma tautenthani pang'onopang'ono. Pa madigiri 80 uli phee, mtundu womwe uja. Pa 100, pamene madzi amawira, sunasinthebe. Mukangofika cha m'ma 112, wonse umayera mbee ngati ufa wa nsima, ndipo nthawi yomweyo umayamba kukokedwa ndi maginito.

Tsopano zimitsani moto. Munthu angayembekezere kuti ukangotsika pansi pa 112 ubwerera mwakale, koma ayi. Pa 100 udakali woyera, pa 90 ndi pa 80 chimodzimodzi. Umakakamira mpaka cha m'ma 72, apo ndiye mtundu wa jakaranda umabwerera, maginito n'kuzima. Ndiye wina akakufunsani kuti pa madigiri 90 ufawu umaoneka bwanji, inunso muyenera kumufunsa: ukuchokera kotentha kapena kozizira? Pa kutentha kumodzimodziko ukhoza kukhala wa pepo kapena woyera, malingana ndi kumene wadutsa. Ufa wopanda ubongo, wopanda waya, wopanda batire, ukusunga mbiri yake.

Kusinthaku akatswiri amakutcha spin crossover. Ndinene msanga, kuti pasakhale wokhumudwa: maginito amene tikukamba pano si onga chitsulo cha mu sipika ya wailesi chimene chimanyamula misomali. Ufa woyerawu sungadumphe kukamatirira pa maginito. Umakokedwa mofooka, ndipo kukokedwako amakuyeza ndi sikelo yomva kwambiri kapena ndi makina otchedwa SQUID. Koma kwa makinawo kusiyana kwake kuli ngati kwa usana ndi usiku.

Alendi 6, nyumba 5

Elekitironi iliyonse ndi kamaginito kakang'onong'ono. Khalidwe limeneli ndi limene limatchedwa spin, ndipo lili ndi mbali ziwiri zokha, tingoti kuloza kumwamba ndi kuloza pansi. Maelekitironi awiri akakhala malo amodzi, chilengedwe chimawakakamiza kuti ina iloze kumwamba inzake pansi, mphamvu zawo n'kufafanizana. Imene yakhala yokha ilibe woifafaniza. Choncho chinthu chimakokedwa ndi maginito molingana ndi kuchuluka kwa maelekitironi okhala okha amene chili nawo.

Taonani zinthu ziwiri izi. Mapiritsi oonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo nthawi zambiri amakhala ndi ferrous sulphate. Amene anachitako sayansi kusekondale akukumbukira timiyala take tobiriwira motuwa. M'timiyalati, atomu iliyonse ya ayironi yazunguliridwa ndi mamolekyulu 6 a madzi, ndipo ili ndi maelekitironi 4 okhala okha. Maginito amatikoka. Chinthu chachiwiri ndi potassium ferrocyanide, timiyala tachikasu timene m'mayiko ena amathira pang'ono zedi mu mchere wa patebulo kuti usagwirane. Ayironi wake ndi yemweyo, wotaya maelekitironi awiri ngati wa m'mapiritsi uja, ndipo watsala ndi 6 m'chigawo chake chakunja monganso mnzakeyo. Koma apa wazunguliridwa ndi cyanide 6, womugwira zolimba, ndipo elekitironi yokhala yokha palibe ngakhale imodzi. Maginito sachikoka.

Ndiye kusiyanaku kwachokera kwa anansi. Zinthu zozungulira atomu ya chitsulo ndi kuigwira zimatchedwa ma ligand. Kawirikawiri amakhala 6: anayi m'mbali, ina pamwamba, ina pansi. Maelekitironi akunja a ayironi ali ndi malo 5 okhalamo, otchedwa ma orbital a d, ndipo atomu ikakhala payokha malo onsewa ndi ofanana mtengo. Ma ligand akabwera, zinthu zimasintha. Malo awiri amaloza ndendende kumene kuli ma ligand, ndipo poti ma ligand nawo ali ndi maelekitironi awo, kukhala m'malo awiriwa kumafuna mphamvu zambiri. Malo atatu otsalawo amadutsa m'mipata, choncho ndi opepuka kukhalamo. Masamu a kugawikana kumeneku anawayala koyamba Hans Bethe mu 1929.

Tiziganizire chonchi. Landilodi ali ndi nyumba 5: zitatu kumunsi za lendi yotsika, ziwiri kumtunda zodula. Alendi alipo 6, ndipo nyumba iliyonse imalola anthu awiri basi. Palibe mlendi wofuna kugawana nyumba ndi mnzake, chifukwa maelekitironi amakankhana mwachibadwa, ndiye kukhalira limodzi nakonso kuli ndi mtengo wake. Lendi yakumtunda ikakwera kwambiri, onse 6 amapirira, n'kupanikizana awiriawiri m'nyumba zitatu zakumunsi. Wokhala yekha palibe. Umenewu ndi mkhalidwe wa spin yotsika, wa ferrocyanide uja. Lendi yakumtunda ikangokwera pang'ono, aliyense amatenga nyumba yakeyake, asanu m'nyumba zisanu, ndipo wotsalayo amakalowa kwa mmodzi wakumunsi. Okhala okha alipo 4. Imeneyi ndi spin yokwera, ya mapiritsi aja.

Cyanide amakweza lendi kwambiri, madzi amaikweza pang'ono. Pakati pawo pali ma ligand ena, makamaka ogwira ayironi kudzera mu atomu ya nayitirojeni monga triazole, tetrazole ndi phenanthroline, amene amaika lendi pamalire penipeni. Pamenepo kanthu kochepa, kaya kutentha, kupanikiza kapena kuwala, kamakwanira kusamutsa alendi.

Si zitsulo zonse zingachite zimenezi. Pakakhala ma ligand 6, pamafunika kuti maelekitironi a d akhale pakati pa 4 ndi 7, apo ayi palibe chosankha. Ayironi wotaya maelekitironi atatu amasintha pakati pa 1 ndi 5 okhala okha, kobati wotaya awiri pakati pa 1 ndi 3. Koma mwini bwalo ndi ayironi wotaya awiri, chifukwa iye amachoka pa 0 kufika pa 4, kuzimiratu ndi kuyakiratu. Zitsulo zolemera za m'banja lomwelo, ruthenium ndi osmium, lendi yawo imakhala yokwera nthawi zonse, ndiye zimangokhala pa spin yotsika.

Kutupa

Apa ndi pamene fanizo la nyumba limaperewera, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse. Alendi akasamukira kumtunda, nyumba za landilodi sizisuntha. Koma maelekitironi awiri akalowa m'malo oloza ma ligand aja, amakankha ma ligandwo kuti atalikire. Mtunda wa pakati pa ayironi ndi nayitirojeni umachoka pa ma angstrom pafupifupi 2.0 kufika pa 2.2. Angstrom ndi gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a milimita, ndiye zikuoneka ngati zachabechabe, koma ndi kutalika koonjezereka ndi gawo limodzi mwa 10, mbali zonse 6 nthawi imodzi. Molekyulu yatupa.

Ndipo ma ligand akatalikira, mphamvu yawo yokweza lendi imagwa msanga zedi. Kutalikira kwa gawo limodzi mwa 10 kumatsitsa lendi ija ndi gawo loposa limodzi mwa atatu. Ndiye kuti alendi akangosamukira kumtunda, lendi yakumtundayo imatsika, iwo n'kukhazikika. Akabwerera kumunsi, ma ligand amayandikira, lendi imakweranso, ndipo kumunsiko amakhazikikanso. Mkhalidwe uliwonse umadzitsekera chitseko wokha. N'chifukwa chake molekyulu yotere siima pakatikati. Imakhala yaing'ono, yothina ndi yozima, kapena yotupa, yolefuka ndi yoyaka.

Mtundu nawo umachokera pomwepa. Lendi ikakhala yokwera, elekitironi imafuna kuwala kwa mphamvu zambiri kuti idumphire kumtunda, ndipo mu ufa wathu uja kuwala kumene imameza ndi kobiriwira. Mukachotsa kubiriwira pa kuwala koyera, diso limaona pepo. Lendi ikatsika, kuwala komezedwa kumasamukira kupitirira kufiira, kumene diso la munthu silifika, ndiye ufa umaoneka woyera.

Nanga n'chifukwa chiyani kutentha kumakankhira ku spin yokwera, osati kwinako? Spin yotsika ndiyo ili ndi mphamvu zochepa, zomangira zake ndi zolimba, ndipo kukazizira chilengedwe chimasankha imeneyo. Koma kukamatentha pamalowa chinthu china chotchedwa entropy, chimene tingachimve ngati kuchuluka kwa njira zimene chinthu chingakhalire. Mkhalidwe wa njira zambiri umapambana kutentha kukamakwera. Maelekitironi 4 okhala okha angathe kuloza m'njira 5 zosiyana, pamene opanikizana awiriawiri ali ndi njira imodzi yokha. Kwa nthawi ndithu anthu ankaganiza kuti nkhani yathera pamenepo.

Michio Sorai ndi Syûzô Seki a ku Osaka, ku Japan, anayeza nkhaniyi mosamala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anatenga mankhwala a ayironi okhala ndi phenanthroline awiri ndi thiocyanate awiri, n'kuyeza kutentha kumene amameza posintha. Anapeza kuti entropy imakwera ndi ma joule pafupifupi 49 pa mole pa kelvin (joule ndi muyeso wa mphamvu, mole ndi muyeso wa kuchuluka kwa mamolekyulu, ndipo kelvin ndi madigiri owerengedwa kuyambira pa kuzizira kotsiriza). Njira 5 za maelekitironi zija zimangopereka 13.4. Nanga 35 yotsalayo? Imachokera ku kugwedezeka kwa maatomu. Nsambo ya gitala yokungika kwambiri imavuta kuigwedeza, yolefuka imanjenjemera ndi kachala chabe. Molekyulu yotupa zomangira zake ndi zolefuka, choncho kutentha kochepa kumaigwedeza m'njira zambirimbiri. Ndiye kuti gawo lalikulu la chimene chimayatsa maginito si la maginito n'komwe, ndi la kulefuka kwa thupi la molekyulu.

Masamu ake ndi oti mwana wa Fomu 2 angawachite. Mphamvu yofunika posintha inali ma joule pafupifupi 8,600 pa mole. Gawani 8,600 ndi 48.8, mupeza 176. Ndipo mankhwala amenewa amasinthadi pa 176 kelvin, amene ndi madigiri 97 pansi pa ziro. Wopanga mankhwala akafuna kuti kusintha kuchitike pa kutentha kwina, amasewera ndi manambala awiriwa, makamaka posintha pang'ono kapangidwe ka ligand.

Mmene zinadziwikira

Woyamba kukumana nazo anali Livio Cambi wa ku Milan, ku Italy, pamodzi ndi mnzake Szegö, mu 1931. Iwo ankayeza maginito a mankhwala a ayironi okhala ndi ma ligand otchedwa dithiocarbamate, ndipo manambala ankatuluka osamveka, osafika pa maelekitironi 5 okhala okha koma opitirira imodzi, n'kumasinthanso ndi kutentha. Nzeru yofotokozera bwino zimenezi inali isanakhwime, ndipo nkhaniyo inagona zaka pafupifupi 30. Inadzuka mu 1964, pamene akatswiri a ku Australia anabwerera ku mankhwala a Cambi n'kuonetsa kuti ndi mikhalidwe iwiri yosakanikirana, ndipo chaka chomwecho Baker ndi Bobonich ku America anaona kuti mankhwala a phenanthroline aja amasintha modzidzimutsa, osati pang'onopang'ono.

Chida chimene chinatsimikiza kuti mikhalidwe ndi iwiridi chinachokera kwa Rudolf Mössbauer, amene mu 1958 anatulukira njira yofufuzira mtima wa atomu ndi cheza cha gamma. Njirayi imamva bwino ayironi wa mtundu wa 57, amene ndi magawo awiri okha pa 100 a ayironi wachilengedwe, ndipo spin yokwera ndi yotsika zimapereka mizere yosiyana kotheratu. König ndi Madeja atagwiritsa ntchito njirayi cha m'ma 1966 ndi 1967, anaona mizere ya mkhalidwe umodzi ikuchepa pamene ya winawo ikukula. Mzere wa pakatikati panalibe.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe

Zonse tafotokozazi ndi za molekyulu imodzi, ndipo sizikukwanira kufotokoza ufa wokumbukira uja. Mukasungunula mankhwala otere m'madzi kapena mu mowa wa m'labotale, molekyulu iliyonse imasintha payokha, kupita ndi kubwerera kambirimbiri pa sekondi imodzi. Mukamatenthetsa, chiwerengero cha zotupa chimakwera pang'onopang'ono pa madigiri 100 kapena kuposerapo, ndipo mukamaziziritsa chimatsika njira yomweyo. Palibe kudzidzimuka, palibe kukumbukira.

Mu kristalo ndi nkhani ina. Mamolekyulu andandalikana mothithikana, ndipo imodzi ikafuna kutupa iyenera kukankha anzake. Poyamba anzakewo amakana. Kutentha kumafika pamene molekyulu ikanatupa ikanakhala yokha, koma malo palibe, ndiye imadikira. Kutentha kukapitirira, kagulu kena, kawirikawiri pakona kapena pamene kristalo ili ndi chilema, kamatupa mokakamiza. Katero kamatambasula malo ozungulira, ndipo oyandikana nako amapeza mpata wotupira mosavuta. Iwonso amatsegulira ena. Amene anagonapo m'nyumba ya malata akudziwa kulira kwa denga dzuwa likakwera: lata limafuna kufutukuka, misomali yaligwira, limapirira, limapirira, kenako thaa! kamodzi n'kamodzi.

Pobwerera zimachitikanso chimodzimodzi, koma mozondoka. Tsopano onse ndi otupa, kristalo yonse yatambasuka, ndipo molekyulu yofuna kufota ikugwiridwa ndi anzake. Pamafunika kuzizira kopitirira muyeso kuti gulu loyamba ligonje. Mpata wa pakati pa posinthira pokwera ndi posinthira potsika ndi umene umatchedwa hysteresis. Mu ufa wa triazole uja ndi wa madigiri pafupifupi 40, ndipo ndi waukulu chonchi chifukwa maatomu a ayironi sanangoyandikana chabe. Alumikizidwa mu unyolo wautali, atomu iliyonse yomangidwa kwa inzake ndi timilatho titatu ta triazole. Ina ikasuntha, unyolo wonse umamva.

Zimenezi zimaoneka ndi maso. Akatswiri a ku Versailles, ku France, akhala akujambula makristalo amodziamodzi pansi pa maikulosikopu pamene akusintha. Mtundu watsopano umayambira pakona, ndipo malire ake, owongoka ngati odulidwa ndi lezala, amayenda kudutsa kristalo yonse pa liwiro la ma micrometre ochepa pa sekondi (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ngati mmene madzi amakwerera pa nsalu youma.

Umboni wina umene ndimaukonda ndi wa gulu la Philipp Gütlich ku Mainz, ku Germany. Iwo ankapanga makristalo amene ena mwa maatomu a ayironi alowedwa m'malo ndi zinki. Zinki amakhala bwinobwino pamalopo, koma satupa ndipo safota, ali ngati munthu wogontha pakati pa mzere wa anthu onong'onezana uthenga. Zinki akamachuluka, kusintha kodzidzimutsa kuja kumafooka mpaka kufanana ndi kwa m'madzi. Hartmut Spiering wa gulu lomwelo anaika zimenezi m'masamu a kukankhana ndi kutambasuka kwa zinthu zolimba.

Kudalira anansi kotereku ndi dalitso, komanso ndi mutu waukulu kwa ochita kafukufuku. Pali mankhwala ena a ayironi okhala ndi ligand yotchedwa picolylamine amene khalidwe lawo limasinthiratu malingana ndi timamolekyulu totsalira m'mipata ya kristalo: ethanol amapereka kusintha kwamtundu wina, methanol kwina, madzi kwinanso. Molekyulu ya ayironi ndi yomweyo. Ngakhale kungopera makristalo mu kamtondo ka m'labotale kumatha kufooketsa kusinthako, chifukwa kuperako kumadzaza zilema. Ndiye anthu awiri akhoza kutsata njira imodzi yophikira mankhwala n'kupeza zotsatira zosiyana, ndipo mpaka lero kulosera kukula kwa hysteresis mankhwala asanapangidwe ndi ntchito yovuta kuposa kulosera kutentha kosinthira.

Kupanikiza kumagwira ntchito mosavuta kumva. Popeza spin yotsika ndi yaing'ono thupi, mukafinya kristalo mumaikankhira kumeneko, ndipo pamafunika kutentha kochuluka kuti itupenso.

Kuyatsa ndi kuwala

Mu 1982, McGarvey ndi Lawthers a ku Belfast anaona kuti kuwala kwa laser kumatha kutupitsa mamolekyulu osungunuka, ngakhale ankabwerera mwakale m'kuphethira kwa diso. Chodabwitsa chinadza mu 1984 ku Mainz. Silvio Decurtins, Gütlich, Andreas Hauser ndi anzawo anatenga kristalo ya ayironi wozunguliridwa ndi propyltetrazole 6, imene mwachibadwa imasintha cha pa 135 kelvin. Anaiziziritsa kwambiri kupitirira pamenepo, ili ya pepo, n'kuiwalitsa ndi laser yobiriwira ya mafunde otalika ma nanometre 514 (nanometre ndi ma angstrom 10). Kristalo inayera, ndipo atazimitsa laser inakhalabe yoyera. Bola isatenthe kupitirira 50 kelvin, imene ndi madigiri 223 pansi pa ziro, inkakhala choncho kwa nthawi yaitali, ndipo pozizira koposa kwa masiku ambiri. Kukodwa mu spin yokwera chifukwa cha kuwala kumeneku anakutcha LIESST. Mu 1986 Hauser anaonetsa kuti kuwala kwa ma nanometre cha m'ma 820 kumaibwezera ku pepo.

Onani mmene zikugwirizanirana ndi nkhani ya mitundu ija: kuwala kobiriwira ndi kumene spin yotsika imameza, kwa 820 ndi kumene spin yokwera imameza. Kuwala kumakweza molekyulu pamwamba, ndipo potsika imatha kugwera mbali inayo. Ikagwera kotupa, kuti ibwerere iyenera kufotetsa zomangira 6 nthawi imodzi, ndipo pozizira chotero ilibe mphamvu yochitira zimenezo. Yakodwa. Vuto lake ndi lomwelo la kuzizira: ngakhale mankhwala abwino koposa amtunduwu amamasuka mu msamphawu kutentha kusanayandikire n'komwe kwa m'nyumba. Njira yozembera vutoli inaonetsedwa mu 2005 ndi magulu a Azzedine Bousseksou wa ku Toulouse ndi José Antonio Real wa ku Valencia. Iwo anaika mankhwala a ayironi, pyrazine ndi pulatinamu mkati mwa hysteresis yake, pa kutentha kwa m'chipinda, n'kuwasintha ndi kuthwanima kumodzi kwa laser. Apa wosunga mkhalidwe watsopano si kuzizira, ndi anansi aja.

Kudumpha koyambako n'kwachangu mosaneneka. Gulu la Majed Chergui ku Lausanne linayeza pa ayironi wa bipyridine kuti kuchokera pomeza kuwala kufika pa spin yokwera sipadutsa ma femtosecond 200, ndipo femtosecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a gawo limodzi mwa biliyoni la sekondi. Kwa ofuna kupanga ma sola ndi utoto wa ayironi, amene ndi wotchipa, m'malo mwa ruthenium wosowa ndi wodula, changu chimenechi ndi tsoka. Mphamvu ya dzuwa imathera kutupitsa molekyulu isanatengedwe kukhala magetsi. Akatswiri a ku Lund, ku Sweden, akhala akulimbana nazo popanga ma ligand okweza lendi kwambiri kuti njira yothawirayo itsekeke.

Loto la Kahn

Munthu amene anakweza mbendera ya mankhwalawa kuti angasunge uthenga anali Olivier Kahn wa ku France, amene anagwira ntchito ku Orsay kenako ku Bordeaux. Maunyolo a triazole anayamba kupangidwa ku Leiden, ku Netherlands, m'zaka za m'ma 1970, koma gulu la Kahn ndi limene linaonetsa mu 1993 kuti posakaniza mitundu iwiri ya triazole, hysteresis ikhoza kukokedwa kuti ikhale pa kutentha kwa m'nyumba. Ganizo lake linali losavuta: pepo ndi 0, woyera ndi 1. Tenthetsani kadontho, mwalemba. Kaziziritseni, mwafufuta. Pakati pake sipafunika magetsi. Mu 1998 iye ndi Martinez analemba za chiyembekezochi mu magazini ya Science, ndipo chaka chotsatira Kahn anamwalira.

Kuyambira pamenepo zambiri zatheka. Mu 2007 gulu la Eugenio Coronado ku Valencia linapanga timibulu ta ufa wa triazole ta ma nanometre pafupifupi 10 timene tinasungabe hysteresis, ngakhale ambiri ankaopa kuti anansi akachepa chikumbumtima chitha. Mu 2012 akatswiri ena anayatsa ndi kuzimitsa molekyulu imodzi yokha ya phenanthroline ija ndi nsonga ya maikulosikopu ya magetsi, pozizira kwambiri. Ku Toulouse anamata kristalo yotupa pa kachitsulo kopyapyala, ndipo ikatupa kachitsuloko kamapindika ngati kamkono.

Komabe mukatsegula foni kapena kompyuta yanu lero, simupezamo chilichonse cha zimenezi, ndipo ine sindiyembekezera kuti mudzachipezamo posachedwa. Kutupa kumene kumabala chikumbumtima n'komwenso kumang'amba makristalo akasintha kambirimbiri. Mankhwala ambiri otere salola magetsi kudutsa bwino, ndiye kuwerenga zolembedwazo n'kovuta. Ena amaonongeka ndi mpweya kapena chinyezi. Ndipo silikoni, amene akupikisana naye, wakhala akutsika mtengo zaka zonsezi. Mapepala ambiri a kafukufuku amayambabe ndi lonjezo la zosungira uthenga, mwina chifukwa ndilo limakopa opereka ndalama. Kumene ndikuona tsogolo lenileni ndi kuntchito zofatsa: utoto wosonyeza kuti katundu anatenthedwapo kupitirira muyeso ali pa ulendo, zoyezera kutentha pa tinthu tating'ono kwambiri, ndi zonunkhiza mpweya. Mankhwala a pulatinamu aja ali ndi timabowo, ndipo mu 2009 kunaonetsedwa kuti benzene akalowamo amawakankhira ku spin yokwera, pamene carbon disulphide amawakokera ku yotsika. Mtundu wokha umakuuzani chimene chalowa.

M'magazi ndi pansi pa nthaka

Chilengedwe chinayamba kale kugwiritsa ntchito kutupa kwa ayironi. Mu 1936, Linus Pauling ndi Charles Coryell ku Pasadena anapeza kuti hemoglobin, puloteni ya ayironi yonyamula okosijeni m'magazi, ikakhala yopanda okosijeni imakokedwa ndi maginito, ili ndi maelekitironi 4 okhala okha pa ayironi aliyense, koma ikanyamula okosijeni sikokedwa. Apa chosinthitsa si kutentha, ndi kubwera kwa ligand yatsopano, choncho si spin crossover yeniyeni ya mtundu wa ufa uja. Koma kayendedwe kake n'kofanana. Ayironi wotupa sakwana pakati pa mphete imene imamugwira, ndiye amakhala atatulukira kunja pafupifupi theka la angstrom. Okosijeni akamugwira amafota, n'kulowa m'mphetemo, ndipo polowa amakoka nthambi ya puloteni imene wamangidwako. Max Perutz wa ku Cambridge anaonetsa kuti kukoka kumeneku kumamveka ku zigawo zina zitatu za hemoglobin, nazo n'kuyamba kulandira okosijeni mosavuta. Anansi aja abweranso. Ndipo kusiyana kwa maginito pakati pa magazi onyamula okosijeni ndi opanda ndi kumene Seiji Ogawa anagwiritsa ntchito mu 1990 potsegula njira yojambulira mbali za ubongo zimene zikugwira ntchito ndi makina a MRI.

Malo aakulu koposa kumene ayironi amasintha spin ali pansi pa mapazi athu. Kuyambira makilomita 660 mpaka pafupifupi 2,900 kunsi kwa nthaka kuli chigawo cha miyala yotentha, ndipo umodzi mwa miyala yochuluka kumeneko ndi ferropericlase, wopangidwa ndi maginiziyamu, ayironi ndi okosijeni. Pamwamba pano ayironi wake ndi wa spin yokwera. William Fyfe analosera mu 1960 kuti kulemera kwa dziko kungamufinye mpaka kufota, ndipo mu 2003 James Badro ndi anzake anaziona m'labotale. Anaika kachidutswa ka mwalawu pakati pa nsonga ziwiri za dayamondi n'kukafinya, ndipo pakati pa ma gigapascal 60 ndi 70, kumene ndi kupanikiza koposa kwa mpweya wotizungulira ka 600,000, maginito a ayironi anazima.

M'kati mwa dziko lenilenilo muli kutentha kwa madigiri masauzande, kumene kumakokera ku spin yokwera pamene kupanikiza kukukokera ku yotsika, choncho kusinthako sikuchitika pa mzere umodzi. Kwamwazikana pa mtunda wautali, kuyambira cha m'ma kilomita 1,000 mpaka kupitirira 2,000 kunsi. M'chigawo chimenechi mwalawu umafinyika mosavuta kuposa mmene ukanachitira, chifukwa kupanikiza kulikonse koonjezera kumangofotetsa maatomu ena a ayironi. Zimenezi zimachedwetsa mafunde a chivomezi a mtundu wopanikiza, osakhudza kwenikweni a mtundu wogwedeza cham'mbali, ndipo akatswiri a zivomezi akufunafuna kusiyana kumeneku m'zolemba za makina awo pofuna kudziwa kuti ferropericlase wachuluka pati ndipo wachepa pati.